Kodi wa BP, shuga kapena wa ma ARV angayendetse ndege?

Mayi a Yamikani: Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Amene mukudziwa za ndege ndithandizeni. Mwana wanga wachiwiri wakhoza bwino MSCE ndipo chiyambire ali wamng'ono nyimbo yake ndi imodzi, akufuna upayiloti, mwina poti tinakhalitsa cha ku Airwing ankangoona ndege za asilikali zikunyamuka. Nde amalume ake akuti tigulitse malo athu a ku Songani tikamulipirire sukulu ku Joni. Koma sabata yatha atakayezetsa anamupeza BP yokwera, 148/92, mwana wa zaka 19, akuti abwerenso. Anthu akundiuza kuti basi zathera pomwepo, wa BP sayendetsa ndege. Ndi zoona zimenezi? Ndisanagulitse malo ndimve kaye.

Che Bwanali: Mayi malo musagulitse. Ine ndinamva kuti payiloti olo chipsera pathupi sichifunika, dzino lobooka sakulola, magalasi nde osanena. BP ndiye ayi ndithu.

Dalo ku Joni: Che Bwanali pepani ndikutsutseni pang'ono mwaulemu. Zachipsera ndi mano zija anthu amangonena, mwina amasokoneza ndi kulemba usilikali, chifukwa asilikali ali ndi malamulo awo ndi madokotala awo. Ife a ndege wamba timayendera malamulo ochokera ku ICAO, bungwe loona za ndege padziko lonse lomwe likulu lake lili ku Montreal, ndipo Malawi ndi membala. Muli buku lina amati Annex 1, mmenemo ndi momwe analemba za ma laisensi ndi za thanzi. Ma medical, kutanthauza mayeso a thanzi la anthu a zandege, alipo atatu, Class 1 ya amene akufuna kudya nayo ntchitoyi, Class 2 ya amene akungowuluka payekha osanyamula anthu olipira, Class 3 ya aja amakhala mu tower kulondolera ndege. Magalasi ndi ololedwa, ine amene anandiphunzitsa kutera amavala, bola ukavala, pa mayeso a maso diso lililonse lizifika 6/9 ndipo onse awiri pamodzi 6/6, komanso uziyenda ndi ena apadera mchikwama kuopa oyambawo angathyoke uli m'mwamba.

Che Bwanali: Oho, nde magalasi alibe mlandu? Ndaphunzira.

Anabanda CO: Mayi a Yamikani ndiyambe ndi mbali yanga ya chipatala, poti ndine clinical officer (CO). Kuyeza kamodzi sitinena kuti munthu ali ndi BP. Achinyamata ambiri akangoona makina aja mtima umathamanga, ena amabwera atayenda wapansi kuchokera ku Sadzi dzuwa lili pamutu, ena atamwa ma energy drink awiri, nambala imakwera basi. Apite ayezedwe masiku osiyanasiyana, atakhala pansi mphindi zisanu kaye, dzanja litatsamira patebulo, ndipo manambala onse azilembedwa mu health passport. Ikapezeka kuti ndi yokweradi, pa msinkhu wa zaka 19 sitimangopereka mapilitsi, timafuna tidziwe chayambitsa, nde ayezedwe mkodzo ndi impso. Kwathu kuno likodzo ndi lambiri makamaka kwa ana osambira m'madambo a ku Chilwa, ndipo likakhalitsa limawononga njira ya mkodzo mpaka impso. Izi mumuchitire olo za ndegezo zitakhala kuti palibe.

Mayi a Yamikani: Zikomo asisi. Ma energy drink nde amamwadi, nthawi ya mayeso ankachezera nawo.

Dalo ku Joni: Ndiwonjezere pa zomwe anena a CO. Malamulo a ku Ulaya amati munthu amalephera ngati BP yake ikumangopitirira 160 pamwamba kapena 95 pansi nthawi zonse, kaya akumwa mankhwala kaya ayi. Mawu ofunika ndi akuti nthawi zonse. Mapayiloti a BP alipo ochuluka ndipo akuwuluka lero lino akumwa mankhwala omwewa timalandira kuchipatalawa, amlodipine, enalapril, HCTZ. Chomwe chimachitika ukayamba mankhwala atsopano kapena akakusinthira mlingo amakukhazika pansi kaye masiku angapo mpaka sabata ziwiri kuti aone ngati sakukupatsa chizungulire, kenako umabwerera. Omwe safunika ndi aja amagwira mu ubongo nkumakufoola ngati methyldopa. Nde BP payokha siyitseka chitseko mayi.

Koma chomwe ndikufuna mugwire ndi ichi, ndipo ndikunena ndi mtima wonse chifukwa ndaona anyamata akulira kuno. Musalipire sukulu, musagulitse kanthu, mwana asanapange Class 1. Sukulu zina zimakulandira ndi Class 2 chifukwa ndi yokwanira poyambira, iwe nkuwononga ndalama zonse za makolo, pofika pa laisensi ya ntchito nkupezeka Class 1 yakukana. Ndalama ya medical ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya maola owuluka. Ndipo si dokotala aliyense angasayine, pamafunika amene anavomerezedwa ndi a Civil Aviation a dziko lomwe likupereka laisensiyo. Ngati ndi kuno ku Joni akhale wovomerezedwa ndi SACAA, bungwe loona za ndege kuno, madokotalawo timawatchula kuti ma DAME. Za kumudziko funsani ku ofesi ya Civil Aviation ku Lilongwe akuuzeni madokotala awo.

Aphunzitsi Mbewe: Mfundo imeneyo ndiyomwe ndimauza ana a Form 4 chaka chilichonse. Ine chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa BP ndi maso osasiyanitsa mitundu. Ndinali ndi mwana wina wanzeru kwabasi mu Physics, ankawerenga bolodi ali kumbuyo kwenikweni, aliyense ankati maso ake ndi akuthwa. Tsiku la medical anamutsegulira kabuku ka timadontho tamitundumitundu kaja, amati Ishihara, kuti atchule manambala obisika mkati, theka sanawaone. Iye sankadziwa nkomwe, makolo ake sankadziwa, chifukwa munthu amabadwa nazo ndipo amaona ngati dziko ndi mmene lililimu. Zimagwira kwambiri amuna, zimayenda kudzera kwa mayi, ndipo palibe mankhwala kapena magalasi ochiza.

Nachisale: Koma aphunzitsi mtundu ukukhudzana bwanji ndi kuyendetsa? Si pali makompyuta masiku ano?

Dalo ku Joni: Achemwali zikukhudzana kwambiri. Ukamatera, m'mbali mwa msewu wa ndege muli magetsi anayi amati PAPI. Ukaona awiri oyera awiri ofiira nde kuti ukutsika bwino, onse oyera uli m'mwamba kwambiri, onse ofiira uli pansi kwambiri ukhoza kugunda mitengo kapena nthaka usanafike. Usiku ndege ina umaidziwa komwe ikulowera poona magetsi, lofiira phiko lakumanzere, lobiriwira lakumanja, loyera kumchira. Wayilesi ikafa a mu tower amakuwunikira nyali yofiira kapena yobiriwira kukuuza kuti tera kapena usatere. Makompyuta omwewo machenjezo ake ndi a mitundu, radar ya nyengo imaonetsa mtambo woopsa ndi kufiira. Komabe kulephera Ishihara si mapeto nthawi zonse, pali mayeso ena achiwiri oona kukula kwa vutolo, amene vuto lawo ndi laling'ono ena amadutsa.

Aphunzitsi Mbewe: Eya, ndipo kabukuko kamapezeka ku chipatala cha maso, nkhani ya mphindi zochepa. Makolo yambirani pamenepo.

Che Bwanali: Nanga ife a shuga? Sikuti ndikufuna ndege pa ukalamba uno, koma mdzukulu wanga anamupeza nayo ali Form 2, amabaya insulin m'mawa ndi madzulo, ndipo mwanayo amafunsa mafunso otere ine nkusowa chomuyankha.

Anabanda CO: Che Bwanali pa shuga chomwe chimaopsa mu ndege si kukwera kwake kokha, koma kutsika mwadzidzidzi. Inu mukudziwa mmene zimakhalira, thukuta, kunjenjemera, munthu kuyamba kuyankhula zosamveka, ndipo mwini wake nthawi zina sazindikira kuti zamuyamba. Metformin payekha sagwetsa shuga choncho, nchifukwa chake amamulola. Glibenclamide uja timapereka kwambiri kuno ndi insulin ndi amene amagwetsa. Kwinako shuga yokhalitsa imadya maso, impso, mitsempha ya kumapazi ndi mtima, nde amayang'ananso zimenezo chaka ndi chaka.

Dalo ku Joni: Apa ndinene mosabisa kuti njira ya mdzukulu wanu ndi yovuta koma siyofanana ndi kale. Lamulo la ICAO lenileni limati wobaya insulin sakuyenera, koma limapatsa dziko lililonse mpata woweruza munthu payekha ngati akatswiri aona kuti chitetezo sichisokonekera. Canada inayamba kulola mapayiloti a ntchito obaya insulin mu 2002, UK mu 2012, America mu 2019 pogwiritsa ntchito kachipangizo komata pakhungu koyeza shuga usana ndi usiku. Ku UK payiloti wotere amayeza asananyamuke, ola lililonse ali m'mwamba, komanso patatsala mphindi 30 kuti atere, ndipo shuga imayenera kukhala pakati pa 5 ndi 15 pa muyezo wa mmol/L. Ikatsika pansi pa 4 amasiyira mnzake chiwongolero nthawi yomweyo. Nde mukuona kuti zimadalira dziko lomwe watengera laisensi komanso ngati zipangizozo angazipeze mosadukiza. Mumuuze zoona zake, kuti ndi phiri, koma musamuuze kuti sizinachitikepo.

Che Bwanali: Ndimuwerengera uthengawu mmene ulili. Zikomo mwana wanga.

Wa Chanco: Ine chikundidabwitsa nchakuti mukungoti amaloledwa amaloledwa. Munthu wodwala ndi wodwala man. Akakomoka m'mwamba muli anthu 100 kumbuyo?

Dalo ku Joni: Funso labwino aise. Palibe munthu amene dokotala angalumbire kuti sadzakomoka. Nde madokotala a zandege anagwirizana muyezo woti ngati mwayi woti matenda ako akugwetse mwadzidzidzi sukupitirira 1 peresenti pa chaka, ukhoza kuwuluka mu ndege ya mapayiloti awiri. Amakulembera pa satifiketi kuti iwe uziwuluka ndi mnzako basi, osati wekha. Ndipo timaphunzitsidwa zimenezo, mu simulator, makina oyeserera kuyendetsa ndege, mphunzitsi amangoti zii dala ngati wakomoka kuti aone ngati uzindikire nkutenga ndege. Munthu amene anadwalapo mtima nkumuika stent, kachubu kotsegula mtsempha wa mtima, amadikira miyezi yosachepera 6, amamuthamangitsa pa makina akumuyeza ECG, zikakhala bwino amabwerera mwanjira imeneyi. Medical yakenso si ya kamodzi, Class 1 imatha pa miyezi 12, ukafika zaka 60 ndi miyezi 6 iliyonse, ndipo pa 65 umasiya kunyamula anthu maulendo a mayiko. Komanso mudabwa, chomwe chimagwetsa mapayiloti kawirikawiri ali m'mwamba si mtima ayi, ndi m'mimba, kutsegula ndi kusanza. Nchifukwa chake makampani ambiri amati captain ndi womuthandiza asadye chakudya chofanana.

Nachisale: Iii m'mimba? Sindikanaganiza.

Anabanda CO: Zoona, ndipo timatenda tomwe timatiderera ndi tomwe timavuta. Chimfine chokha chimatseka kanjira kochokera kukhosi kupita kukhutu, ndege ikamatsika mpweya sulowa, khutu limapweteka mpaka nembanemba kung'ambika. Nde munthu amathamangira Piriton pa golosale, koma Piriton amagonetsa ndipo amachedwetsa maganizo mpaka mawa lake olo iwe ukuona ngati uli bwino. Payiloti akamwa ameneyo amayenera kukhala pansi masiku ndithu. Malungo chimodzimodzi, sungati ndamwa LA m'mawa madzulo ndiwuluke, umalize mankhwala, thupi lizizire, magazi abwerere. Mefloquine uja azungu ena amamwa popewa malungo ndi woletsedwa kwa mapayiloti chifukwa amasokoneza tulo ndi mutu.

Dalo ku Joni: Ndipo ukakasambira pansi pa nyanja ndi mabotolo a mpweya ku Cape Maclear umadikira maola 24 usanakwere. Mowa lamulo lodziwika ndi maola 8 kuchokera pa botolo lomaliza, makampani ambiri amawonjezera, ndipo ku Ulaya mulingo wa m'magazi ndi 0.02, ku America 0.04. Chamba ndiye ziro, amayeza mkodzo mosakuchenjeza.

Wa Chanco: Nanga sickle cell? Kwathu ilipo, ine anandiuza kuti ndine carrier.

Anabanda CO: Carrier, amene anangotengera kwa kholo limodzi koma sadwala, ndi wodwala sickle cell ndi anthu awiri osiyana achimwene. Mkati mwa ndege mpweya amausunga ngati uli pamalo okwera mpaka mamita 2,400, pamene phiri lathuli pamwamba penipeni ndi mamita opitirira pang'ono 2,000. Nde tiziti nthawi zina zimakhala ngati uli pamwamba kuposa nsonga ya phiri la Zomba. Wodwala sickle cell weniweni mpweya ukachepa choncho magazi amatha kutseka mitsempha nkuyamba ululu woopsa uja, nchifukwa chake Class 1 imavuta. Carrier nthawi zambiri amadutsa bola magazi ake ali okwanira. Mphumu nayo ngati ndi yaing'ono, yogonja ku inhaler, osati yogonekedwa nayo kawirikawiri, amayeza mapapo nkukulola. TB umalize mankhwala, aone kuti mapapo sanawonongeke.

Admin: Pali membala wandilembera ku inbox, sakufuna dzina lake lioneke ndipo nane sinditchula. Akuti iye anabadwa ndi kachilombo, wakhala pa ma ARV kuyambira ali mwana, viral load siyioneka, ali ndi zaka 21. Akufunsa ngati kuli kotheka kapena angosiya kulota. Akutinso mnzake wina anamulangiza kuti asadzanene pa fomu poti sizioneka pankhope. Chonde tiyankhe mwaulemu, wonyoza ndimuchotsa pompano.

Anabanda CO: Mwana wanga kulikonse uli, choyamba ndikuyamikire kuti wasunga mankhwala zaka zonsezi, si ntchito yamasewera. Kale nkhawa inali pawiri, kuti kachilombo kakafooketsa thupi kamafika ku ubongo, komanso mankhwala ena ankazunguza. Amene munamwapo 5A mukukumbuka efavirenz uja, chizungulire, maloto oopsa, ena kusokonekera maganizo. Kuyambira 2019 dziko lathu linasamukira ku dolutegravir, 13A ija, ndipo mavuto amenewo anachepa kwambiri. Munthu wa viral load yosaoneka ndi CD4 yabwino ndi munthu wathanzi.

Dalo ku Joni: Achimwene kapena achemwali, musasiye kulota. Malamulo a ICAO amalola munthu wa HIV kupatsidwa medical ngati wafufuzidwa bwino nkupezeka kuti palibe chomwe chingamulepheretse ntchito. Amafuna malipoti a viral load ndi CD4, dzina la mankhwala, nthawi zina mayeso oona mmene ubongo ukugwirira. Ku UK mpaka 2018 munthu wa HIV sankatha kuyamba kumene maphunziro a ntchitoyi, anasintha chaka chimenecho mnyamata wina atalimbana nawo, ndipo mu 2022 anatsegula kuti akhoza kupeza satifiketi yopanda malire. Chomwe chinandikhudza ine, chaka chomwecho anapereka miyezi 6 yoti mapayiloti amene ankabisa abwere adzanene popanda chilango. Ndiye kuti akuluakuluwo anavomereza kuti kukhwimitsa kwawo kuja kunkangopangitsa anthu kubisala.

Koma malangizo a mnzanuyo akaneni. Fomu ija umasayina kuti zonse wanena ndi zoona. Akadzazindikira kuti unanama, chomwe chimakuchotsa ntchito si HIV, ndi bodzalo, laisensi imapita ndipo mayiko ena ndi mlandu wa kukhoti. Komanso ukabisa, dokotala sangadziwe ngati mankhwala ena omwe akukupatsa akugwirizana ndi ma ARV ako. Dokotala wa zandege sapereka matenda ako kwa bwana wa kampani, kampani imangoona kuti fit kapena unfit ndi malire omwe alembedwa.

Nachisale: Za HIV ndagwirizana nazo ndi mtima wonse, tonse tili ndi abale. Koma pali pamodzi pomwe ine sindingagonje, matenda a maganizo. Munthu wa depression asayandikire chiwongolero, kaya akumwa mankhwala kaya chani. Mwaiwala ndege ya Germanwings? 24 March 2015, kuchoka ku Barcelona kupita ku Düsseldorf, wothandiza captain anadzitsekera mkati mnzake atapita kuchimbudzi nkukaigwetsa dala m'mapiri a ku France, anthu 150 onse kutha. Ndipo musati ndi za azungu, aneba athu a LAM, kampani ya ndege ya ku Mozambique, mu November 2013, ndege yochoka ku Maputo kupita ku Luanda inagwa ku Namibia anthu 33, ofufuza anati captain anaitsitsa yekha atatsekera mnzake kunja. Ine ndili ndi ana, ndikakwera ndikufuna kutsogoloko kukhale munthu wa mutu wabwinobwino.

Wa Chanco: Apa ndili mbali ya a Nachisale. Nanga ya ku Chikangawa ija?

Admin: Ya ku Chikangawa tisailowetse muno chonde. Inali ndege ya asilikali, ena mwa omwe anatisiya anali anthu a konkuno ndipo mabanja awo akulirabe. Tisayambe zongoganizira. Pitirizani nkhani ya matenda.

Dalo ku Joni: Achemwali a Nachisale mantha anu ndi omveka ndipo nkhani ziwirizo timaziphunzira mkalasi, palibe amazipeputsa. Koma taonani bwino ya Germanwings. Mnyamata uja madokotala ake anali atamulembera kale kuti asagwire ntchito, makalata ake anapezeka kunyumba kwake atang'ambidwa, kampani sinawaone. Ankaopa kuti akanena ntchito yatha, ndipo ankaopanso kuti maso ake akufa. Amene anagwetsa ndege si munthu amene anabwera poyera nkulandira thandizo akuyang'aniridwa, ndi munthu amene anabisa. Mukaika lamulo loti aliyense wonena kuti ndikuvutika maganizo achotsedwe mpaka kale, simunachotse depression mu cockpit, mwangochotsa anthu onena zoona. Otsalawo azimwa mankhwala mobisa kapena osamwa nkomwe, azithawira ku mowa. Taganizani munthu amene kwawo anagulitsa malo, ali ndi ngongole, abale onse akuyang'ana iye, mkazi wamwalira kapena banja likutha, mukuganiza adzanena ngati akudziwa kuti kunenako ndi kutha kwa zonse?

Nchifukwa chake America mu 2010 inayamba kulola mankhwala anayi, fluoxetine, sertraline, citalopram ndi escitalopram. Si kuti umangomwa nkukwera. Umakhala pansi miyezi, dokotala wa maganizo amakuona, amayeza mmene ukuganizira, ukakhazikika amakubweza ndipo amakutsatirabe. Amitriptyline uja ndi wosaloledwa poti amagonetsa. Matenda aakulu monga kumva mawu a anthu omwe palibe kapena bipolar amenewo ndiye amakanadi. Ndipo pambuyo pa Germanwings ku Ulaya analamula makampani kuti akhale ndi dongosolo loti payiloti azitha kuyankhula ndi payiloti mnzake wophunzitsidwa mwachinsinsi zinthu zisanafike poipa.

Nachisale: Ndakumvani achimwene koma mtima wanga sunakhazikike. Inu mukukamba mayiko omwe ali ndi madokotala a maganizo ambirimbiri. Kuno amutsatira ndani mwezi ndi mwezi?

Anabanda CO: Pamenepo mwakhudza bala lenileni asisi, madokotala a maganizo ndi ochepa kwambiri mdziko muno, sindingakutsutseni. Koma ife a ku Zomba tikuyenera kumvetsa nkhaniyi kuposa wina aliyense. Chipatala cha Mental chili pakhomo pathu pomwe, koma munthu wa mtauni muno amalolera kuvutika chaka chathunthu osagona kusiyana nkuti aoneke akulowa pageti paja, kuopa kuti anthu amuti wapenga. Ndaonapo aphunzitsi, apolisi, madalaivala a minibasi onyamula anthu tsiku lililonse pa msewu wa Blantyre, akubwera mochedwa zinthu zitaipa chifukwa cha manyazi omwewa. Kuchepa kwa madokotala yankho lake ndi kuwonjezera madokotala ndi kutumiza payilotiyo komwe angaonedwe bwino, makampani a ndege ndalama imeneyo ali nayo. Kumuopseza kuti akhale chete sikuteteza ana anu.

Nachisale: Chabwino. Bola kutsatirako kukhale kwenikweni osati kwa papepala. Pamenepo pokha nde sindisuntha.

Dalo ku Joni: Pamenepo tili limodzi.

Abiti Jafali: Ndakhala ndikungowerenga, ndiloleni nane ndifunse. Mwana wanga wamkazi ali Form 3, chimvereni za Yolanda Kaunda kuti ndi captain woyamba wamkazi m'Malawi muno sakambanso zina. Mafunso anga ndi awiri. Akadzakhala ndi pakati ntchito imatha? Chachiwiri, ali ndi zaka 3 anadwala malungo nkukomoka, anagwedezeka thupi lonse, tinagona naye kuchipatala. Chichokereni apo sizinachitikenso. Kumudzi ena ankati ndi khunyu.

Dalo ku Joni: Mayi za pakati musadandaule, si matenda. Amauza dokotala wa zandege akangodziwa, ndipo ngati mimba ilibe vuto malamulo amalola kuwuluka ndi mnzake mpaka kumapeto kwa sabata ya 26, kenako amapuma, akachira nkuyezedwanso amabwerera pampando wake. Makampani ena amasankha kumupatsa ntchito ya pansi nthawi yonseyo. Za kukomokazo ayambe a CO.

Anabanda CO: Abiti, kugwedezeka kwa mwana wamng'ono thupi litatentha kwambiri si khunyu. Zimachitika kwa ana ambiri osakwana zaka 5 ndipo ochuluka zimathera pomwepo. Khunyu ndi pamene munthu akugwa mobwerezabwereza popanda kutentha thupi. Chomwe dokotala adzafune kudziwa nchakuti anali malungo wamba otentha thupi kapena malungo a mu ubongo aja mwana amakhala chikomokere maola ambiri, chifukwa achiwiriwa ena amawasiyira khunyu pambuyo pake. Ngati anatsitsimuka msanga, sanamwepo phenobarbitone kapena mankhwala ena a khunyu, ndipo wakula akukhoza mkalasi chonchi, nkhani yake ndi yabwino.

Dalo ku Joni: Ndipo ku mbali ya malamulo, khunyu lenileni ndi limodzi mwa matenda ochepa omwe amatsekadi chitseko, chifukwa limagwetsa mosachenjeza ndipo munthu akamagwedezeka akhoza kukankha chiwongolero kapena kuponda ma pedal mnzake nkulephera kuwongola. Kusagona ndi kuthwanima kwa kuwala, zomwe ndi za tsiku ndi tsiku pa ntchitoyi, zimaliputanso. Koma malamulo a ku Ulaya amanena kuti zomwe zinachitika mwana asanapitirire zaka 5 osabwereranso zikhoza kuunikidwa munthu nkuloledwa. Adzamutumiza kwa dokotala wa ubongo, mwina nkumuyeza EEG, mayeso oona mmene ubongo ukugwirira. Pa fomu pali funso loti unakomokapo kapena kugwedezeka, adzayankhe kuti eya nkufotokoza. Chomwe chidzamuthandize kwambiri ndi umboni wolembedwa wa nthawi imeneyo, tsiku, matenda omwe anapeza, masiku omwe anagona, mankhwala omwe anapatsidwa. Health passport yake ya ali mwana ilipo?

Abiti Jafali: Ilipo koma ili kwa agogo ake ku Jali, chikuto chinachoka. Ndikaitenga Loweruka ndiione ngati tsamba limenelo likuwerengeka.

Anabanda CO: Mukaipeza mujambule tsambalo munditumizire ku inbox, osati pa gulu pano. Ndikuwerengerani zomwe analemba, ndipo ngati inki yafufutika ndikuuzani mmene mungapemphere lipoti ku chipatala komwe anagonako.